Shuga akamakwera ndi kutsika mosadziwika bwino: poyambira kufufuza

Usiku wina bambo anga anadzuka cha m'ma 2 koloko, malaya ogonera atanyoweratu ndi thukuta. Manja ankanjenjemera. Nditawafunsa kuti akumva bwanji anandiyankha mokalipa, chinthu chomwe sichinali khalidwe lawo. Mayi anathamangira botolo la mapiritsi poganiza kuti shuga wakwera. Mwamwayi ndinayamba ndawabaya kaye chala, ndipo kamakina koyezera shuga kanaonetsa 2.8. Shuga anali atatsika kwambiri, ndipo piritsi lomwe mayi anali nalo m'manja likanangomutsitsa kuposa pamenepo.

Kuyambira tsiku limenelo sindikhulupiriranso mmene munthu akumvera m'thupi popanda kuyeza. Munthu amene wakhala ndi shuga wokwera kwa miyezi yambiri amatha kunjenjemera ndi kumva njala shuga akangofika pa 6, pomwe mpoyenera, chifukwa thupi linazolowera kukhala pamwamba. Wina amene shuga amamutsika pafupipafupi amasiya kumva chenjezo lililonse, mpaka amangogwa. Ndipo shuga wa 11 kapena 12, amene akudya maso ndi impso pang'onopang'ono, kawirikawiri samveka n'komwe. Choncho zizindikiro n'zongokuuzani kuti yezani. Mankhwala asasinthidwe chifukwa cha zizindikiro zokha.

Kodi nambalayo ndi yoona?

Musanade nkhawa ndi nambala yachilendo, kayikirani kaye kayezedwe. Chala chomwe chagwira chipatso kapena chakumwa chotsekemera chimapereka nambala yokwera mwabodza. Sambani m'manja ndi sopo, pukutani mpaka ziume, muyezenso. Timapepala toyezera timatha ntchito tikapitirira tsiku lake, komanso kabotolo kakamasiyidwa kosatseka kapena pamalo otentha. Onaninso muyezo womwe kamakina kanu kakugwiritsa ntchito. Kena kamawerenga mu mmol/L, kena mu mg/dL, ndipo kusiyana kwake n'kuchulukitsa ndi 18: shuga wa 7 pa kamakina kena ndi 126 pa kanzake. M'nkhani ino nambala zonse ndi za mmol/L.

Kwa akuluakulu ambiri, madokotala amafuna shuga akhale pakati pa 4 ndi 7 musanadye, ndipo asapitirire 10 patatha maola awiri mutadya. Okalamba, amayi oyembekezera ndi ana amapatsidwa malire awoawo.

Nambala imodzi siuza zambiri. Pezani kope, muzilemba nthawi, nambala, zomwe mwadya, mankhwala omwe mwamwa, ndi china chilichonse chachilendo tsikulo, kaya kuyenda mtunda wautali, kaya kusagona, kaya chimfine. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri vuto limayamba kuonekera lokha. Kwa bambo, kope linaonetsa kuti shuga ankatsika masiku okhawo omwe adya pang'ono madzulo koma piritsi amwa lathunthu.

Thukuta, kunjenjemera, njala yadzidzidzi

Shuga akatsika pansi pa 3.9, thupi limatulutsa homoni yotchedwa adirenalini kuti liwonjezere shuga m'magazi, ndipo ndi iyeyo amene amabweretsa thukuta, kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera. Akafika pansi pa 3.0 ubongo umayamba kusowa chakudya chake. Munthu amalankhula zosagwirizana, amaona zinthu ziwiriziwiri, amakwiya popanda chifukwa, amadzandira ngati waledzera. Anthu ena amasiyidwa osathandizidwa chifukwa odutsa akuganiza kuti ndi mowa.

Ngati munthuyo akutha kumeza, mupatseni magalamu 15 a shuga: masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi osungunula m'madzi, kapena theka la tambula ya chakumwa chotsekemera, osati chija cholembedwa kuti mulibe shuga. Dikirani mphindi 15, muyezenso. Ngati akadali pansi pa 3.9, bwerezani. Akakwera, adye chakudya chenicheni kuti asatsikenso. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa chifukwa zingalowe m'mapapo. Mugonekeni chammbali ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Akatsitsimuka, ntchito yeniyeni ndi kupeza chimene chinamutsitsa. Funsani mafunso awa. Kodi anamwa mankhwala n'kudumpha chakudya? Kodi anagwira ntchito yolemetsa kuposa masiku onse? Minofu imapitiriza kukoka shuga kwa maola ambiri ntchito itatha, n'chifukwa chake ena amatsika usiku atagona. Kodi anamwa mowa? Chiwindi chikatanganidwa ndi mowa chimasiya kutulutsa shuga chimene chinasunga, ndipo kumwa osadya n'koopsa kwambiri kwa amene amabaya insulini. Kodi wachepa thupi posachedwa pomwe mlingo wa mankhwala ndi womwewo?

Mtundu wa mankhwala nawo ndi nkhani. Metformin payekha sakonda kutsitsa shuga mopitirira. Amene amatero ndi insulini ndi mapiritsi a gulu la glibenclamide, omwe amakakamiza kapamba kutulutsa insulini kaya mwadya kaya simunadye. Glibenclamide amakhalitsa m'thupi, moti munthu amatha kutsitsimuka n'kudzatsikanso patatha maola angapo. Wotereyu ndi bwino akaonedwe kuchipatala ngakhale akuoneka kuti wachira. Ndipo pali chinthu china chomwe ambiri sachiganizira: munthu amene wamwa mlingo umodzimodzi kwa zaka, n'kuyamba kutsika pafupipafupi popanda chosintha, angakhale kuti impso zafooka ndipo sizikuchotsanso mankhwala m'magazi msanga. Pemphani kuti ayezedwe impso. Kumbukiraninso kuti mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi monga propranolol amabisa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera, n'kungosiya thukuta lokha.

Ludzu losatha ndi kukodza usiku wonse

Impso zimasefa magazi n'kubweza shuga yense m'thupi, koma zili ndi malire. Shuga akapitirira pafupifupi 10, wotsalayo amatayikira mumkodzo, ndipo amakoka madzi potuluka. Ndiye pamene pamachokera kukodza pafupipafupi, kuuma kukhosi ndi ludzu. Kuonda ndi kufooka kumabwera chifukwa chakudya chikuthera mumkodzo pomwe maselo ali ndi njala. Choopsa n'chakuti munthu waludzu akamathetsa ludzulo ndi zakumwa zotsekemera, amangowonjezera nkhuni pamoto. Imwani madzi.

Shuga akakwera kwa masiku angapo pomwe kadyedwe sikanasinthe, choyamba kukayikira ndi matenda ena omwe abisala. Chilonda chapaphazi, dzino lobooka, matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, chifuwa chachikulu: zonsezi zimachititsa thupi kutulutsa mahomoni olimbana ndi insulini, ndipo nthawi zina shuga amakwera matendawo asanaonekere. Chachiwiri ndi mankhwala atsopano. Prednisolone ndi anzake a gulu limenelo amakweza shuga kwambiri, makamaka masana ndi madzulo. Musawasiye mwadzidzidzi panokha, koma uzani amene anakulemberani kuti muli ndi shuga. Nkhawa yaikulu, ululu ndi kusagona zimakwezanso.

Kwa obaya insulini, yang'anani botolo ndi khungu. Insulini yosatsegula imasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo ikaundana kapena kukhala padzuwa imatha mphamvu ngakhale ikuoneka bwinobwino. Yotsegula, mitundu yambiri imagwira ntchito pafupifupi masiku 28. Kenako papasani pomwe mumabaya. Mukamabaya malo amodzi nthawi zonse, pansi pa khungu pamakula kachotupa kolimba ngati mphira. Anthu amapakonda chifukwa sipapweteka, koma insulini yobayidwa pamenepo imalowa m'magazi mosadalirika, lero pang'ono, mawa yambiri nthawi imodzi. Ameneyu ndi mmodzi mwa magwero akuluakulu a shuga wokwera ndi kutsika mosadziwika bwino. Sinthani malo, koma chenjerani: pakhungu labwino mlingo womwe uja umagwira mwamphamvu, choncho yezani pafupipafupi masiku oyambirira ndipo kambiranani ndi adokotala za mlingo.

Ngati zonsezi zili bwino koma nambala zikukwerabe chaka ndi chaka, musadziimbe mlandu. Shuga wa mtundu wachiwiri, amene nthawi zambiri amayamba munthu ali wamkulu, amankira mtsogolo. Kapamba amanka nafooka, ndipo mlingo womwe unkakwanira zaka zisanu zapitazo umasiya kukwanira. Kuuzidwa kuti muyambe insulini si chilango ndipo si chizindikiro choti imfa yayandikira. Bambo anakana kwa chaka chathunthu chifukwa cha mantha amenewa, ndipo ndimadandaulabe ndi chaka chimenecho.

Ndagona ali bwino, ndadzuka atakwera

Dandaulo ili limabwera kawirikawiri. M'bandakucha thupi limatulutsa mahomoni odzutsa munthu, ndipo chiwindi chimathira shuga m'magazi. Amene alibe matendawa, kapamba amangowonjezera insulini n'kuthana nazo. Amene ali nawo amadzuka ndi 9 kapena 10 osadya kanthu. Zifukwa zina ndi chakudya chamadzulo chochuluka kapena chodyedwa mochedwa, ndi mankhwala amadzulo omwe mphamvu yake imatha kusanache. Njira yosiyanitsira ndi kuyeza pogona, cha m'ma 3 koloko usiku, ndi podzuka, kwa masiku awiri kapena atatu. Ngati pa 3 koloko ali pansi, kapena mumadzuka ndi mutu, thukuta ndi maloto oipa, kuwonjezera mankhwala amadzulo kungakuvulazeni. Tengani nambalazo mupite nazo kuchipatala.

Pamene simuyenera kudikira

Insulini ikasowa kwambiri, thupi limayamba kuwotcha mafuta mwachisawawa ndipo magazi amadzala ndi asidi wotchedwa maketoni. Munthu amasanza, m'mimba mumapweteka, amapuma mozama ndi mofulumira ngati wathamanga, mpweya wake umanunkhira ngati chipatso chopsa kwambiri. Zimagwira makamaka a shuga wa mtundu woyamba, omwe kapamba wawo anasiya kupanga insulini, ndipo zimatha kupha m'maola ochepa. Nthawi zambiri zimayamba chonchi: munthu wadwala, sakudya, ndiye akuti poti sindikudya ndisabaye. Kumeneko n'kulakwitsa koopsa. Podwala thupi limafuna insulini ngakhale osadya, nthawi zina yochulukirapo.

Okalamba a mtundu wachiwiri amakumana ndi china. Shuga amakwera pang'onopang'ono kwa masiku angapo mpaka nambala yake kupitirira 30, madzi amatha m'thupi, munthu amangogona, amasokonezeka mutu. Kamakina kakalemba HI m'malo mwa nambala, ndiye kuti shuga wapitirira pomwe kamatha kuwerenga. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati kusanza sikukuleka. Amene amamwa metformin afunse ngati ayenera kuimitsa kaye pamene akusanza kapena kutsegula m'mimba, chifukwa madzi akatha m'thupi impso zimavutika kumuchotsa.

Zomwe zimawonongeka mwakachetechete

Shuga wochuluka amamatirira ku mapuloteni a m'thupi. Kuyeza kwa HbA1c kumadalira zimenezi: kumaona kuchuluka kwa shuga amene wamatirira m'maselo ofiira a magazi, ndipo poti maselowa amakhala pafupifupi masiku 120, nambalayo imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayi. Kwa akuluakulu ambiri cholinga ndi pafupifupi 7 peresenti. Kuchepa kwa magazi kapena kuikidwa magazi posachedwa kungasokoneze nambalayi. Kumatirira komweku, pamodzi ndi kuwonongeka kwa kansalu ka m'kati mwa mitsempha ya magazi, ndiko kumachititsa timitsempha ting'onoting'ono kukhuthala, kutsekeka kapena kuchucha. Ziwalo zomwe zimadalira timitsempha timeneti ndizo zimayamba kuvutika: kumbuyo kwa diso, zosefera za impso, ndi minyewa yomwe imatithandiza kumva kukhudza ndi ululu.

Kuti shuga ndiye amachititsa zimenezi si nkhani yongoganizira. Kafukufuku wotchedwa DCCT, wochitikira ku United States ndi Canada, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 1993, anatsatira anthu 1,441 a mtundu woyamba. Mwa omwe analibe vuto la maso poyamba, kusamala shuga mwakhama kunachepetsa chiopsezo chake ndi 76 peresenti. Koma gulu lomwelo linkatsika shuga koopsa pafupifupi katatu kuposa anzawo, n'chifukwa chake cholinga chimaikidwa poyang'ana munthu payekha. Ku Britain, kafukufuku wa UKPDS wa anthu oposa 5,000 a mtundu wachiwiri anaonetsa mu 1998 kuti kutsitsa kuthamanga kwa magazi kunachepetsa sitiroko ndi 44 peresenti. Ndimabwereza mfundoyi chifukwa ambiri amayang'ana shuga yekha. Kuthamanga kwa magazi, mafuta a m'magazi ndi fodya zimawononga mitsempha yomweyo, ndipo zikakumana ndi shuga zimafulumizitsa zonse.

Za maso pali zinthu ziwiri zomwe zimasokonezedwa. Kuona mwachimbuuzi komwe kumabwera ndi kupita kumachokera ku kagalasi ka m'diso, komwe kamatupa shuga akakwera ndi kuphwa akatsika. Kumeneku kumatha kokha, ndipo musagule magalasi mpaka shuga atakhazikika kwa masabata angapo. Koma kuwonongeka kwa kumbuyo kwa diso sikupweteka ndipo sikusokoneza kuona mpaka kutafika patali. Kumaoneka pokhapokha wa maso atathira mankhwala okulitsa mwana wa diso n'kusuzumira m'kati. A mtundu wachiwiri ayezedwe atangopezeka ndi matendawa, poti amakhala atayenda nawo zaka osadziwa. A mtundu woyamba ayambe pasanathe zaka zisanu. Kenako chaka ndi chaka, kapena monga a maso anenera. Mukaona timadontho takuda tambiri mwadzidzidzi, kuthwanima, kapena ngati nsalu yatchinga mbali ya diso, musadikire tsiku lanu la sikelo.

Impso nazo sizidandaula. Chizindikiro choyamba ndi puloteni pang'ono mumkodzo, yomwe imangooneka poyeza. Kutupa mapazi ndi nkhope, ndi mkodzo wathovu, zimabwera mochedwa. Zikagwidwa msanga, mankhwala monga enalapril amateteza impso. Pewani kumwa ibuprofen kapena diclofenac kawirikawiri, ndiponso mankhwala alionse osadziwika zomwe zilimo.

Ena amachita manyazi kunena za kuchepa mphamvu kuchipinda, kapena kuyabwa kumaliseche kobwerabwera. Choyambacho chimachokera ku mitsempha ndi minyewa, ndipo nthawi zina chimachenjeza za mtima. Chachiwiricho ndi fangasi amene amakonda shuga wa mumkodzo, ndipo amabwererabe mpaka shuga atatsika. Nenani, chithandizo chilipo. Ndipo poti minyewa ikawonongeka ululu umachepa, mtima umatha kudwala popanda kupweteka pachifuwa kwenikweni. Kubanika mwadzidzidzi, thukuta lozizira, nseru ndi kufooka pomwe kamakina kakuonetsa shuga wabwino, zitengeni ngati nkhani ya mtima.

Mapazi

Minyewa yaitali kwambiri ndiyo imayamba kuwonongeka, n'chifukwa chake zimayambira ku zala za kumapazi, mbali zonse ziwiri, n'kumakwera. Ena amamva kutentha ngati aponda makala, makamaka usiku. Ena amamva kulasalasa ngati singano. Ena amangochita dzanzi, ndipo amenewa ndiwo ali pangozi yaikulu, chifukwa ululu ndi mlonda. Ngati mwamwa metformin kwa zaka zambiri, pemphani kuyezedwa vitamini B12, poti kuchepa kwake kumabweretsa dzanzi lofanana ndipo kumachizika. Dzanzi la mwendo umodzi wokha, kapena lobwera mwadzidzidzi, lingakhale ndi gwero lina.

Tsiku lina ndikuchapa ndinapeza kadontho ka magazi pa sokosi ya bambo. Nditawafunsa anati palibe chomwe chikuwapweteka. Ndinalowetsa dzanja m'nsapato, ndipo kunsonga kunali kamsomali kotulukira kuchokera pansi. Anayenda nako masiku atatu. Pansi pa chala chachikulu panali kabowo kakang'ono ngati njere, kozunguliridwa ndi khungu lolimba loyera. Kanatenga miyezi iwiri kuti katseke, chifukwa pomwe minyewa yafa, magazi nawo amafika movutikira ndipo asilikali a m'thupi amafooka ndi shuga.

Yang'anani mapazi tsiku lililonse, pansi ndi pakati pa zala. Ngati simungathe kuwerama, gwiritsani ntchito galasi kapena pemphani wina. Gwedezani nsapato ndi kupapasa m'kati musanavale. Musayende opanda nsapato, ngakhale m'nyumba. Madzi osamba yesani ndi chigongono, osati ndi phazi, ndipo musayandikize mapazi ku moto kapena botolo la madzi otentha. Pukutani bwino pakati pa zala. Dzolani mafuta pomwe pauma ndi kung'ambika, koma osati pakati pa zala. Zikhadabo wengani mowongoka, ndipo khungu lolimba musalidule ndi lumo. Kuchipatala pemphani kuti akuyezeni ndi kaulusi kapadera kamene amakhudzitsa pansi pa phazi, ndi kupapasa kugunda kwa mitsempha pamwamba pa phazi ndi kumbuyo kwa kakolo, kamodzi pachaka.

Thuza, mng'alu kapena chilonda chilichonse, tsukani ndi madzi oyera, phimbani ndi nsalu yoyera youma, lekani kupondera pamenepo, ndipo kaonetseni mawa lake lisanadutse. Kufiira komwe kukufalikira, kutupa, kutentha, fungo, mafinya, kapena chala chomwe chayamba kuda, n'zopita nazo lero lomwe. Phazi lotupa ndi lotentha popanda chilonda nalonso likaonedwe msanga, chifukwa mafupa a phazi ladzanzi amatha kuthyoka munthu akuyendabe. Popita tengani kope lija, mabotolo onse a mankhwala omwe mukumwa, ndi nsapato yomwe mumavala masiku onse, kuti adokotala aone pomwe ikufinya.